Anzathu atsopano m'gulu angosanduka oonerera, ndiwathandize bwanji?

Azakhali,

Ndine mlembi wa gulu la achinyamata kuno ku Dedza, kufupi ndi Linthipe. Gulu lathu ndi la zaulimi. Tili ndi munda wachitsanzo umene amfumu anatibwereka ndi nazale ya mitengo, komanso timaphunzitsa anthu kupanga manyowa a Mbeya (osakaniza ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza pang'ono) ndi kuumba mbaula za chitetezo, zadothi zosatha nkhuni zambiri. Tinalembetsa ku ofesi ya achinyamata ya m'boma ndipo alangizi a zaulimi amatiyendera. Chandikhazika pansi kulemba kalatayi ndi nkhani ya anzathu amene angolowa kumene.

Chigwereni ndalama ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, feteleza anakwera moti makomo ambiri kuno sakwanitsa ngakhale thumba limodzi. Achinyamata atamva kuti ife timachulukitsa feteleza wochepa ndi ndowe, madeya ndi phulusa, anayamba kubwera kudzalembetsa, ena otumidwa ndi makolo awo. Tinasangalala. Koma pano ambiri a iwo amangofika, n'kukhala kumbuyo pansi pa mtengo, n'kuomba m'manja pomwe anzawo akuomba, nthawi ikakwana n'kumapita. Ukawafunsa ngati pali funso amangoti, "Ayi, zamveka." M'kaundula dzina lilimo, koma mawu awo sitiwadziwa.

Mwina mudziwa kuti ndondomeko ya dziko lino imati wachinyamata ndi wa zaka 10 mpaka 35. Ndiye m'gulu limodzi muli mwana wa Sitandade 7 ndi bambo wa ana atatu. Mwanayo kwawo anaphunzitsidwa kuti wamkulu akamayankhula sapikisana naye. Tingayembekezere bwanji kuti aimirire n'kuuza bamboyo kuti apa mwathira madzi ambiri?

Pali mtsikana wina amene amandimvetsa chisoni kwambiri. Manyowa a Mbeya amawadziwa kuposa ena a ife akale. Ndinamuona kwawo akupanga yekha. Ndowe za mbuzi anazipuntha mpaka kusalala, phulusa anasefa kuti makala asalowemo, kenaka anasakaniza ndi madeya ndi feteleza uja, akuwaza madzi pang'onopang'ono. Anatapa ndi dzanja n'kufinya, kuona kuti zagwirana koma madzi sakudontha, n'kuti basi zakwana. Anathira m'thumba lokhala ndi pulasitiki m'kati, kumanga kolimba kuti mpweya usalowe, n'kuika pamthunzi kudikira masiku 21. Zonsezi amachita akundifotokozera bwinobwino, akuseka.

Titamuimika pamaso pa gulu, pakamwa panauma. Anayamba kufotokoza nkhope ili pansi, mawu osamveka. Mnyamata wina kumbuyo anati, "Kwezani volumu achemwali," anthu n'kuseka. Mmodzi mwa akuluakulu a gulu anangomulanda fosholo n'kumaliza yekha chionetserocho. Iyeyo amati akumuthandiza, ndipo ndikhulupirira kuti analibe cholinga choipa. Koma mtsikanayo anasowa pamisonkhano yotsatira, ndipo atabweranso anandipempha kuti ndisadzamutchulenso dzina pagulu.

Mnyamata wina tinamupatsa zoonetsa kabzalidwe ka Sasakawa. Anakonzekera, mpaka anadula timitengo tiwiri toyezera, ka masentimita 75 ka pakati pa mizere ndi ka masentimita 25 ka pakati pa mapando. Zinayenda bwino kufikira pamene ananena kuti phando lililonse njere imodzi. Agogo ena amene anabwera kudzaonerera anafunsa kuti, "Nanga njere imodziyo mbewa ikafukula, tidya chiyani?" Funso labwino, ndipo yankho lake n'losavuta: mumayendera munda chimanga chikangomera n'kubzalanso msanga m'mapando amene aphonya. Koma mnyamatayo anangoti kakasi, wapampando n'kulowererapo. Kuyambira tsiku limenelo wapampando akuti zionetsero zizichitidwa ndi akale okha, makamaka kukabwera alendo, kuopa kuchititsa gulu manyazi.

Apa m'pamene ine ndi iye tasemphana. Sindikumunyoza, ndi munthu wolimbikira, ndipo gulu limeneli analiyambitsa ndi iyeyo pamene ena tinkaona ngati masewera. Akalewo nawo ali ndi mfundo yawo. Amati iwo ankatunga madzi othirira nazale dzuwa la October likuswa mtengo, popanda wowapatsa kanthu, ndiye wobwera dzulo asafulumire kuima kutsogolo. Koma zotsatira zake n'zakuti atsopano ntchito yawo ndi kunyamula mabenchi, kutunga madzi ndi kuthira dothi m'machubu. Ntchito zimenezi n'zofunika, inenso ndimagwira. Koma munthu sangalowe gulu kuti azingothira dothi m'machubu chaka chonse. Akuluakulu amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ife mlendoyo sitikumulola n'komwe kutsegula chikwama.

Ndinene chilungamo pa nkhani inanso imene pamsonkhano sititchula. Kukabwera kalata yoitanira anthu ku maphunziro ku boma, kumene kumakhala kangachepe ka alawansi, amapita ndi anthu omwewo. Chifukwa chake amati ndi amene amatha kuyankhula pagulu. Nanga enawo adzatha liti ngati sapatsidwa mpata? Atsopano amaziona zimenezi ngakhale sanena. Ndipo sindibisa, alipo ena mwa iwo amene anabwera poganiza kuti m'gulumu muli ndalama, ataona kuti mulibe anazilala. Amenewo sindidandaula nawo kwambiri. Amene akundisowetsa tulo ndi aja ali ndi mtima wofuna kuphunzira, koma mantha ndi kuderera kwathu zikuwabweza.

Kwa atsikana palinso makolo. Mayi wina anandiuza maso ndi maso kuti magulu a achinyamata ndi kophunzirira zibwenzi, ndipo mwana wake azibwera kunyumba dzuwa lisanapendeke. Ndikuganiza kuti mayi ameneyu ataona mwana wake akuphunzitsa anthu kuumba mbaula yosatha nkhuni, maganizo akhoza kusintha. Koma adzamuona liti, poti mwanayo kutsogolo safikako?

Ndinapereka maganizo anga ku komiti. Ndinati watsopano aliyense akhale ndi mnzake wakale womuyang'anira, ndipo ayambe kuonetsa kanthu kakang'ono pamaso pa anthu atatu kapena anayi okha, monga kuyeza chinyezi cha manyowa kapena kudula mizu ya mbande yotulukira pansi pa chubu. Akazolowera, azichita chionetsero awiriawiri, wina manja wina pakamwa, kenaka n'kusinthana. Ndinapemphanso lamulo lakuti munthu akaima kutsogolo pasakhale womulanda chida kapena kumumalizira mawu, ndipo funso likamukanika aziloledwa kunena kuti tifunse alangizi. Komiti sinakane, koma sinavomerenso. Anangoti tidzaona mvula ikagwa, ntchito yachuluka. Mawu akuti tidzaona ndimawadziwa tanthauzo lake.

Nthawi nayo sikudikira. Nyengo yobzala mitengo imatsegulidwa pa 15 December, ndipo mudzi ukuyembekezera kuti ife ndi amene tidzaonetse kakumbidwe ka mayenje ndi kawokedwe ka mbande. Chimanga chikadzakhwima kumunda wachitsanzo kudzakhalanso chionetsero chachikulu, kudzabwera amfumu ndi alimi a midzi yoyandikana. Ndikufunitsitsa kuti masiku amenewo ena mwa atsopanowa adzagwire nawo khasu kutsogolo.

Ndiye Azakhali ndithandizeni. Wapampando ndimufike bwanji kuti asaone ngati ndikufuna mpando wake? Paja ndi wamkulu kwa ine, ndiponso ndi wachibale wa amfumu amene anatibwereka munda. Kodi n'koyenera kupempha alangizi a zaulimi kuti nkhaniyi aiyambitse ndi iwo, kapena kumeneko kukhala kuneneza anzanga kwa anthu akunja? Nanga mtsikana uja, amene anandipempha kuti ndisamutchule, ndimusiye kaye mpaka adzafune yekha, kapena ndimulimbikitse ngakhale akukana? Ndikuopa kuti ndikamukakamiza achokeratu, komanso ndikangomusiya adzakhazikika kumbuyo kuja mpaka kalekale. Ndipo oseka anzawo aja tiwatani, poti kulipiritsa chindapusa munthu chifukwa choseka ena akuti n'kuwonjeza?

Ine wanu,
Mlembi wothedwa nzeru,
Dedza