Chilengezo: Ulendo wa ku Phiri la Zomba

Abale ndi alongo nonse a m'gulu lathu,

Komiti yagwirizana kuti ulendo wa mwezi wamawa ukhale wokwera phiri la Zomba. Tidzanyamuka m'mamawa Loweruka loyamba la mweziwo, pamalo athu a nthawi zonse.

Atsamunda anakopeka ndi dera limeneli chifukwa cha kamphepo kozizira ndi madzi a mtsinje wa Mulunguzi, moti Zomba inakhala likulu la dziko kufikira mu 1975 pamene likulu linasamukira ku Lilongwe. Pamwambapo tidzaima pa Emperor's View, pomwe mfumu Haile Selassie ya ku Ethiopia inafika mu 1965. Kukakhala kopanda nkhungu, nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje zimaoneka bwinobwino. Tidzaonanso mathithi a Williams, damu la Mulunguzi ndi dzenje la Chingwe, lomwe akuluakulu amati kale ankaponyamo anthu. Makolo, ana muwagwire dzanja kumeneko.

Chokhumudwitsa n'chakuti mitengo yambiri ya paini inadulidwa, ndiye musayembekezere nkhalango ija munaiona muli kusukulu.

Musaiwale majuzi, nsapato zolimba ndi kandalama kogulira mabulosi m'mbali mwa msewu. Ofuna kupita lembetsani kwa msungichuma sabata ino isanathe, kuti tidziwe kukula kwa galimoto yoti tibwereke.

Zikomo,
Mlembi