Intaneti ya abwana ili ndi maso

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi apongozi anga ndi ana. Kuno kulibe chovuta.

Mlongo wako akuti ku ofesi kwanu achotsa mnyamata wina pa nkhani yogwiritsa ntchito intaneti ya kampani pa zinthu zake, ndipo iwe wakwiya, ukuti amulakwira poti aliyense amachita zomwezo. Zoti aliyense amachita sindikutsutsa. M'masiku athu foni ya pa desiki ankaimanga kaloko pa gudumu loimbira, kiyi n'kumasunga abwana, koma anthu ankaimbirabe abale awo. Mtima ndi womwewo.

Ambiri mwa anzakowo si akuba ayi. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, malipiro osakwera mofanana, ndiye munthu akagula ufa ndi kulipira lendi, ya bandulo ya TNM kapena Airtel aitenga kuti? Akangofika m'mawa, chikwama chisanafike n'pansi pomwe, foni yalumikizidwa kale ku wayifayi, filimu yoonera madzulo ikulowa. Wina ali ndi geni ya nsapato za kaunjika, makasitomala ake ali pa WhatsApp. Wina maso ali pa kubetcha kwa Premier Bet. Wina akufunafuna ntchito ina pa kompyuta ya abwana omwe akufuna kuwathawawo. Palinso magulu a mpingo, a banki mkhonde ndi a maliro, omwe sadziwa kuti ino ndi nthawi ya ntchito.

Koma chachikulu, mmene ndikuonera ine, n'kusowa chochita. Abwana ali ku msonkhano kunyanja, fayilo ikudikira siginecha sabata yonse, munthu wakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka kuweruka. Kapena wagwira zaka osakwezedwa, wadandaula osamveka, basi mumtima n'kunena kuti nanenso ndidyeko. Ameneyo ndimamumvetsa, koma usamutsanzire.

Chilichonse chimene watsegula pa intaneti ya kampani chimadutsa m'makina awo. Anyamata a IT, oyang'anira makompyuta aja, angathe kuona tsamba lomwe unalowa, nthawi yake ndi kompyuta yake. Ukafufuta pa kompyuta yako wangosesa pakhomo pako, kwawoko zatsala. Ndipo sakuuza lero. Amangosunga, tsiku limene mwasemphana ndi abwana kapena akufuna kuchepetsa anthu, pepala lija n'kutulukira patebulo. Lamulo la ntchito la 2000 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka komanso asanapatsidwe mpata wodziteteza. Tsono chifukwacho ukhala utawapatsa wekha, cholembedwa ndi maola omwe. Ukhoza kukadandaula ku khoti la nkhani za ntchito la Industrial Relations Court, inde, koma podikira mlanduwo ana adya chiyani?

Palinso maulalo amene anthu amatumizirana aja, akuti dinani apa mwapata mphoto. Ukadina pa kompyuta ya ofesi, kachilombo n'kulowa m'mafayilo a kampani, dzina lotchulidwa ndi lako. Komanso chichokereni 2016 kuli lamulo loti kunyoza kapena kuopseza munthu pa intaneti ndi mlandu, ndiye mikangano ya ndale ya pa Facebook ija isamachokere pa desiki ya ntchito.

Kawerengenso mapepala amene unasayina polowa ntchito. Malo ena amalola pang'ono nthawi ya nkhomaliro, ena salola n'komwe, ndipo ukuyenera kudziwa za kwanuko usanateteze mnzako pagulu. Zako uzichitira pa foni yako ndi bandulo yako, ingachepe bwanji. Ntchito ikatha m'manja, dzuka ukafunse ina, kapena ukakhale pafupi ndi a maakaunti uphunzire zimene sudziwa.

Za ife kuno usade nkhawa. Ndawauza azakhali ako kuti mauthenga awo uziyankha ukaweruka. Pakakhala matenda kapena zovuta ndidzaimba ndekha, ndipo ukadzaona ndaimba kawiri motsatizana, tuluka panja uyankhe.

Upereke moni kwa onse.

Ndine,
Bambo ako