Mphaka wa agogo uja ku Vietnam sanapondeko

Mnzanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti kutentha kwa ku Hanoi sikunakumalize. Kuno ku Manchester ndi mvula yokhayokha, koma tikudzuka.

Ndakulembera kuti ndibweze mawu anga. Paja ndinakuuza pa foni kuti agogo amene ndimawasamala ali ndi mphaka wochokera kwanuko? Ndinakunamiza, ndinangomva dzina loti Tonkinese n'kuthamanga nalo. Mwana wawo atabwera Lamlungu anandiseka mpaka misozi. Mtunduwu unabadwa pokweretsa Siamese ndi Burmese, ndipo amene anaukhazikitsa ndi oweta amphaka a ku Canada ndi ku America m'zaka za m'ma 1960. Ku Vietnam sunapondeko ndi phazi limodzi lomwe. Ine ndikuona ngati anangoyang'ana pa mapu, n'kutola dzina la dera loyandikana ndi Siam ndi Burma, kumene lero ndi Thailand ndi Myanmar.

Koma ndi wokongola, usanene. Maso ake ndi obiriwira mosakanikirana ndi buluu, ngati madzi a ku Cape Maclear m'mawa. Ubweya ngati tiyi wamkaka, makutu ndi mchira zoderako. Vuto ndi pakamwa. Ndikamawerenga mapilitsi a agogo amandikwera paphewa n'kumalira m'khutu, mpaka ndimayambiranso kuwerenga.

Manyazi aja anandipangitsa kufufuza dzinali. Tonkin ndi Đông Kinh, kutanthauza likulu la kum'mawa, dzina limene mfumu Lê Lợi inapatsa mzinda ukukhalawo mu 1430, itathamangitsa asilikali a ku China. Amalonda a ku Ulaya analipotoza ndi lilime lawo, n'kumatchulira dera lonse la kumpoto. Afalansa atamaliza kulanda dzikolo m'zaka za m'ma 1880 analiduladula patatu, Tonkin, Annam ndi Cochinchina, ndipo anthu a kumpotowo anasanduka ma Tonkinois. Ambiri anatengedwa pa kontrakiti kukakumba miyala ya nickel ku New Caledonia, ena kukalima m'minda ya atsamunda ku New Hebrides, kumene lero ndi Vanuatu. Apa mpamene mtima unandiwawa. Ndinakumbuka agogo athu aamuna amene ku Joni ndi ku Salisbury (Harare wa lero) ankangotchedwa Manyasa, dzina lawo lenileni osafunsidwa. Lero dzina la anthu onga amenewo ndikulimva pa mphaka wogona pa sofa, wodya chakudya cha m'chitini.

Ngakhale nyanja imene Amereka anayambirapo chifukwa chokulitsira nkhondo ya ku Vietnam mu 1964, Gulf of Tonkin, eni ake amati Vịnh Bắc Bộ.

Tandifunsire kwa ana ako a sukuluwo: alipo amene angavomere ukamutchula Tonkinese? Ufunse mwaulemu, ndisakuyambanitse ndi anthu. Ndiponso unditumizire chithunzi cha mphaka wamba wa mu msewu wa ku Hanoi. Pa kalendala yawo ali ndi chaka cha mphaka, chinali 2023, pamene anzawo a ku China amati cha kalulu. Agogo ndawauza zimenezi, ndiye akufuna kumuona.

Upereke moni kwa alamu.

Ndine mnzako wa kalekale