Za "rise" ndi "raise" m'kalata yako ija

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, kupatula bondo la amayi ako lomwe limayambiranso kukangozizira. Kalata imene ukufuna kupereka kwa abwana ako ndaiwerenga kawiri. Ulendo wachiwiriwo ndinali ndi cholembera chofiira m'manja, monga ndinkachitira ndi makope a ana a Fomu 4. Usandikwiyire, wapuma ntchito ndi thupi lokha, dzanjali silinapume.

Zambiri walemba bwino. Watchula zaka zimene wagwira pamalopo, watchulanso za ntchito ya usiku imene anzako amaikana. Koma pa mzere wachitatu ndapeza "I would like my salary to be risen", ndipo chakumunsi "I want to rise another issue". Apa ndinavula magalasi n'kuwaika patebulo.

Chichewa chako chomwechi chikuthandiza. Mtengo wa chimanga umakwera, koma wogulitsa amaukweza. Mwana amadzuka, koma mayi amamudzutsa. Kodi unamvapo munthu akunena kuti "ndadzuka mwana" kapena "boma lakwera mtengo wa mafuta"? Ukanaseka mpaka misozi. Chimene walembacho chimamveka chomwecho m'makutu mwa Mngelezi. "Rise" ndi kukwera kapena kudzuka, chinthu chikupita m'mwamba chokha. "Raise" ndi kukweza kapena kudzutsa, pali wina amene akuchinyamula. Ife timasintha kumchira kwa mneni, kukwera n'kukhala kukweza. Iwo asintha pakati pa liwu, ndipo kusiyana kwake n'kochepa kwambiri moti khutu laulesi silikumva: lina limatchulidwa ngati "raizi", linalo ngati "reizi".

Ukakumbukira za kusukulu, "rise" ndi mneni wosayambukira, salandira pamtherankhani. Dzuwa likamatuluka amati "the sun rises", utsi, mitengo ya zinthu, madzi a mumtsinje, zonsezi zimachita "rise". Pomwe "raise" ndi woyambukira, safuna kuima yekha. Uyenera kunena chimene ukukwezacho: dzanja, mawu, ndalama, nkhani pamsonkhano. Choncho mzere wako wa chakumunsi uja ukhale "I want to raise another issue". Kasinthidwe kakenso n'kosiyana. "Raise" alibe vuto, amangoti "raised" basi, dzulo ndi kale lomwe. Mnzakeyu ndiye wamakani: "rise, rose, risen". Ana anga ankalemba "rised" chaka ndi chaka, ine n'kumadula chaka ndi chaka.

Tsono poti "rise" sayambukira chinthu, sungamutembenuze kuti chinthu chichitidwe ndi wina. N'chifukwa chake "to be risen" sichitheka, monga sitinganene kuti "malipiro akweredwe". Kunena kuti akwezedwe ndi "to be raised". Ndikudziwa kumene unazitenga. Pa Pasaka umamva "He is risen", ndiye umaganiza kuti n'chimodzimodzi. Chimenecho n'Chingelezi chakale, cha nthawi imene aneni ena oyenda ankatsagana ndi "is" m'malo mwa "has". Tanthauzo lake ndi loti wauka. Koma za Lazaro amati Yesu "raised" iye, chifukwa Lazaro sanadziutse yekha. Za kutchalitchi zisiye kutchalitchi, usapite nazo ku ofesi.

Mawu awiriwa ndi pachibale ndithu. "Rise" ndi mbadwa ya m'Chingelezi chakale, pomwe "raise" anabwera ndi ma Viking, anthu akale a kumpoto kwa Ulaya, kuchokera ku liwu lawo lakuti "reisa", kuimika chinthu. Angelezi anali nalo kale liwu lawolawo la ntchito yomweyo, "rear", limene latsalira pa kulera ana ndi kuweta ziweto. Ndiye ukamva wina akuti "my parents raised me", akunena zimene tinachita ine ndi amayi ako, kukunyamula kuchoka pamkeka mpaka kufika kumene uliko.

Pali msampha wina, ndipo apa msuweni wako wa ku Texas uja akhoza kukusokoneza. Liwuli likakhala dzina, ku Britain kumene uliko ndalama yowonjezera pa malipiro amaitcha "a pay rise". Ku America amati "a raise". Onse akulondola kwawo. Tapita kukhitchini kwako ukaone paketi ya ufa wa tirigu umene umafufuma wokha uja: kwanuko yalembedwa "self-raising flour", ya msuweni wako yalembedwa "self-rising flour". Pa ufa asinthana, pa malipiro asinthananso. Iwe tsata za kumene ukudyera.

"Arise" ndisakutayitse naye nthawi. Masiku ano amagwira ntchito pa vuto kapena funso limene labuka, "a problem has arisen". Ndipo "give rise to" ndi kuyambitsa chinthu.

Chimene chandikhalitsa pansi kwenikweni ndi mzere wako womaliza: "I hope my salary will rise." Galamala yake ilibe cholakwa, cholembera chofiira sichinaukhudze. Koma tauwerenganso. Mu mzere umenewu mulibe munthu. Ukukamba ngati malipiro adzakwera okha, monga anachitira madzi a m'nyanja mu 2024 mpaka kulowa m'malo ogona alendo ku Mangochi. Malipiro ali ndi mwini cholembera amene amasayina, ndipo kalata yako ikupita kwa iyeyo.

Ine ndinalembapo makalata otere, atatu, ku ofesi ina imene inkaona za kukwezedwa kwathu. Ndinkadzichepetsa mpaka kusowa m'kalata yanga yomwe. Tsiku lina ndinakwera basi kukafunsa ndekha. Bambo amene ndinawapeza anatulutsa fayilo yanga, n'kuwerenga kalata yachitatuyo akutsata ndi chala, kenako anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga apa mukupempha chiyani?" Ndinasowa choyankha. Ndinabwerera ndi basi ya madzulo, amayi ako n'kundifunsa pakhomo ngati zatheka, ine n'kungopempha madzi akumwa.

Ndiye iwe lemba kuti "I am writing to ask for a pay rise." Utchule ndalama imene ukufuna m'manambala, ndi tsiku limene ungakonde kuti mukhale pansi mukambirane. Ulemu usauchotse, moni ndi zikomo zikhalemo monga walembera, koma "sorry" uja wamuika katatu, musiye mmodzi yekha, kapena umuchotseretu.

Ukakonza unditumizirenso pa WhatsApp ndisanagone Lachisanu, ndidzaionenso kamodzi. Amayi ako akuti mankhwala opaka pabondo aja atsala pang'ono kutha, ndiye ukapeza wobwera kuno usaiwale.

Ndine bambo ako.