Mlezi saphunzira ntchito m'sabata imodzi

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya maphunziro a alezi, anthu amene makolo amawasiyira ana m'mawa n'kudzawatenga dzuwa litapendeka. Ntchitoyi ndaigwira zaka 14, ndipo pano ndimayang'anira alezi anzanga asanu. Chandilembetsa kalatayi n'chakuti maphunziro amene ambirife timalandira ndi a sabata imodzi kapena ziwiri. Amatha ndi satifiketi ndi chithunzi cha gulu, kenako ziii, mphunzitsi uja osadzaonekanso. Ndikunena mosapsatira kuti maphunziro otere sapanga mlezi.

Umboni ndili nawo, ngakhale umandichititsa manyazi. Nditangotha miyezi itatu pantchito, khanda la miyezi 10 linatola kachitsekerero ka botolo pansi n'kuponya m'kamwa. Silinalire, ndipo n'chimene chinandiopsa kwambiri: linangotong'ola maso, milomo ikusintha mtundu. Zoyenera kuchita ndinali nditaphunzira, zinali m'kope langa, pa mayeso ndinakhoza. Koma ndinangoti kakasi. Mayi ena achikulire amene tinkagwira nawo ntchito ndi amene analitsomphola, kuligoneka chafufumimba pamkono wawo mutu uli m'munsi, n'kulimenya ndi chikhatho pakati pa mapewa. Atamenya kachitatu kachitsekerero kaja kanagwa pansi. Mtima utakhala m'malo anandiuza kuti, "Mwanawe, kasanu kumsana. Zikakanika umutembenuze, udinikize pachifuwa ndi zala ziwiri, kasanunso. Usapise chala m'kamwa kufufuza chinthu chimene sukuchiona, ungachikankhire mkati." Mawu awo anali omwe aja a m'kope langa. Kusiyana kwake n'kwakuti iwo anayeserera pa chidole mpaka manja anazolowera, pomwe ine ndinangoonetsedwa chithunzi pabolodi.

Mayi omwewo ndiwo anandiphunzitsa ntchito, ngakhale panalibe anawatuma kapena kuwalipira. Ankakhala pakona ya chipinda changa osayankhula, kungoona. Tsiku lina kamtsikana ka zaka ziwiri kanandikoka siketi kakuloza pawindo, kakuti "aa! aa!" Ine ndinali pakalikiliki kutolera makapu, ndinangoti "khala pansi iwe". Ana atagona, mayiwo anandifunsa, "Wamva zimene amakuuza mwana uja?" Pawindopo panatera mbalame. Anandilongosolera kuti mwana akaloza chinthu, iwe n'kuyang'ana komweko n'kunena kuti "eya, mbalame, taona yauluka", ndiye kuti mwacheza, ndipo mawu amawatola m'macheza oterowo. Patapita zaka ndinamva kuti akatswiri a ku yunivesite ya Harvard amanena zomwezi: m'zaka zoyambirira ubongo wa mwana umalumikiza timitsempha toposa 1 miliyoni pa sekondi iliyonse, ndipo kuyankhana ndi wamkulu ndiko kumalimbitsa malumikizidwewo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Koma kudekhako sikungaphunzitsidwe mu holo momwe mulibe mwana ndi mmodzi yemwe. Pamafunika munthu wodziwa akuone uli pantchito, akuuze pomwe waphonya, abwerenso mwezi wamawa.

Amene akuganiza kuti izi n'zamasewera amve zimene zinachitika ku Kingston, m'dziko la Jamaica. Mu 1986 ndi 1987, gulu la ofufuza lotsogozedwa ndi Sally Grantham-McGregor linalemba ana 129 opinimbira, a miyezi pakati pa 9 ndi 24. Ena mwa anawo ankayenderedwa kunyumba kamodzi pa sabata, kwa ola limodzi, kwa zaka ziwiri. Owayenderawo sanali madokotala ayi, anali azaumoyo wamba a m'madera amene anaphunzitsidwa kuonetsa amayi kasewereredwe ndi kayankhulidwe ndi mwana, pogwiritsa ntchito zidole zopanga pamanja. Patatha zaka 20 anawo anafufuzidwanso, ndipo zotsatira zomwe zinatuluka mu 2014 zinaonetsa kuti oyenderedwa aja ankapeza ndalama zochuluka ndi pafupifupi 25 pa 100 kuposa anzawo amene sanalandire thandizo lotere. Panalibe makina odula apa, panalibe nyumba yosanja. Panali munthu wophunzitsidwa bwino, wobwera sabata ndi sabata.

Ndikudziwa zimene ena anene, chifukwa ndazimva kwa makolo ngakhalenso kwa eni malo olererako ana: "Kulera mwana n'kofunikanso sukulu? Si mkazi aliyense amadziwa?" Choyamba, alezi aamuna aliponso, ndipo ena ndi aluso zedi. Chachiwiri, kulera mwana wako n'kwina, kuyang'anira ana 15 a eni ake nthawi imodzi n'kwinanso. Chikondi chokha sichikuuza kuti khanda ligone chagada, kapena kuti kuligwedeza mwaukali likamalira kungavulaze ubongo wake mpaka kulipha. Sichikuuza kuti mwana amene satembenuka ukamuitana cham'mbuyo mwina si mwano, mwina makutu ali ndi vuto, ndipo akapimidwa msanga angathandizike. Nanga kuwafotokozera makolo nkhani yoteroyo mosawakhumudwitsa? Limenelo ndi luso palokha, ndipo ine ndinalipeza nditakhumudwitsa kale angapo.

Pa mapepala zinthu zili bwinobwino. Mu 2015 maiko a m'bungwe la United Nations analonjeza kuti pofika 2030 mwana aliyense azilandira chisamaliro ndi maphunziro abwino asanayambe sukulu ya pulayimale. Mu 2016 magazini ya zaumoyo ya The Lancet inati ana pafupifupi 250 miliyoni osakwana zaka zisanu m'maiko osauka ndi opeza pang'ono ali pachiopsezo chosakula mmene akanakulira. Mu 2018 mabungwe a WHO, UNICEF ndi World Bank anatulutsa ndondomeko ya kaleredwe kabwino, yotchula thanzi, chakudya, chitetezo, mwayi wophunzira ndi kumuyankha mwana pa zimene akufuna. Zonsezi n'zabwino. Koma wozichita m'chipinda muja ndi mlezi, ndipo ndalama zikagawidwa zimathera ku njerwa, mipando ndi utoto, iye n'kutsala ndi satifiketi ya sabata imodzi ija.

Pempho langa kwa maboma, mabungwe othandiza ndi eni malowa ndi lakuti ndalama yamaphunziro isathere pa msonkhano umodzi waukulu. Gawo lake lilipire alezi odziwa ntchito kuti aziyendera anzawo m'zipinda mwawo. Za chithandizo choyamba zibwerezedwe kawirikawiri, ndi manja, chifukwa zimaiwalika. Maphunzirowo akhalenso ndi makwerero, kuti amene wawonjezera luso akwezedwe ndipo malipiro ake asinthe, ndiponso achitike m'nthawi yantchito, osati mlezi aziba tsiku lake lopuma.

Za malipirozi ndisazidumphe, popeza ndi pomwe pamadonthera zonse. Mwezi watha mtsikana amene ndinamusula zaka zitatu, amene ankadziwa kulira kwa njala ndi kulira kwa tulo ali kunja kwa chipinda, anatsanzika. Wapeza ntchito yogulitsa mafoni, ndipo sindinathe kumuletsa nditamva malipiro ake. Kamnyamata kena kamene kanamuzolowera kakhala sabata ziwiri kakuima pakhomo kudikira. Wolowa m'malo mwake ayamba Lolemba, satifiketi ali nayo. Ndabwereka kale chidole, ndipo tsiku loyambalo asanagwire mwana aliyense tiyamba ndi kasanu kumsana.

Ndine wanu,
Mlezi wodandaula