Lipoti la ulendo wa ku Bangkok kwa mamembala a gulu lathu

Atcheya, akomiti ndi mamembala nonse, ndabwerako bwinobwino ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, komwe munandituma kuchionetsero cha zakudya ndi zakumwa cha THAIFEX chija, ndiye ndati ndilembe pano kuti amene simukwanitsa kubwera ku mitingi Loweruka mumveko. Zikomo kwambiri chifukwa cha ndalama munasonkha zija, ndikudziwa mmene zinthu zavutiramu.

Za chionetsero sinditalikitsa. Chimachitikira ku IMPACT Muang Thong Thani, kunja pang'ono kwa tauni, chakumapeto kwa May, ndipo kwenikweni ndi cha makampani akuluakulu ogula katundu pa kontena. Makina opakira zakudya, mango oumitsa, masosi am'mabotolo, madzi a kokonati am'zitini. Makadi ndi makatalogi ndatenga koma kunena zoona zambiri si za saizi yathu, oda yochepetsetsa imene amalola malesitilanti ndi maloji athu sangaikwanitse. Chimene chatipindulira ndachiona mumsewu madzulo, komwe alendo amadyera.

Kumeneko munthu amagulitsa chakudya chimodzi basi, ndipo amachiphika iwe ukuona. Pali mayi wina pafupi ndi pomwe ndimagona amene ntchito yake ndi som tam yekha, saladi wa papaya wamuwisi. Ali ndi kamtondo kadothi ndi kamunsi kamtengo, amayamba wakufunsa kuti tsabola angati, kenako amaponyamo adyo ndi tsabolayo, kusinja pang'ono, kuthira mandimu, shuga wa mgwalangwa, sosi wa nsomba, tomato, zitheba zaziwisi, mtedza wokazinga, ndiye papaya wopala ngati tizingwe pomaliza, dzanja lina likusinja lina likutembenuza ndi supuni. Mphindi ziwiri zokha mbale ili m'manja mwako. Palibe chotsala cha dzulo, palibe menyu ya masamba anayi imene theka lake kulibe, ndipo mlendo saopa kudya chifukwa waona yekha chilichonse chimene chalowa. Ine zinandikhudza kwambiri chifukwa mapapaya kwathu amangogwa okha m'mitengo n'kumawolera pansi, pomwe mayi ameneyu azungu amamuimira pamzere ndi mafoni m'manja.

N'chimodzimodzi pad thai, manudozi okazinga aja, kuwawasa kwake ndi bwemba, yemweyu wa ku Salima ndi ku Chikwawa amene timangomusiyira ana. Wina ali pa khao man gai basi, mpunga wophikira mumsuzi wa nkhuku ndi nkhuku yofutsa pamwamba. Wina mango okupsa ndi mpunga womata wothira mkaka wa kokonati, ndipo ndinapita nyengo yake yeniyeni ya mango. Mbale zambiri zam'mbali mwa msewu ndimalipira pakati pa 50 ndi 80 baht, ndalama ya kumeneko. Patebulo la manudozi pamakhala timabotolo tinayi, shuga, tsabola wogaya, viniga wa tsabola ndi sosi wa nsomba, kasitomala amadzikonzera yekha mmene akufunira, ndiye nkhani yoti mchere wachepa kapena tsabola wachuluka siifika n'komwe kukhitchini.

Kuti muone kumene zimenezi zingafike, kuli gogo wina wotchuka dzina lake Jay Fai amene kalesitilanti kake kam'mbali mwa msewu kanapatsidwa nyenyezi ya Michelin, ulemu umene buku lotchuka la Michelin limapereka kwa malesitilanti ophika bwino kwambiri, m'buku la 2018. Amaphika yekha pambaula ya makala atavala magalasi akuluakulu otchinga utsi, ndipo mazira ake okazinga ndi nkhanu amadutsa 1,000 baht mbale imodzi koma anthu amadikira maola. Ndinangodutsapo kukaona mzerewo, ndalama ya gulu sindikanaigwiritsa ntchito pamenepo.

Usiku malo oyenera kupitako ndi msewu wa Yaowarat ku Chinatown, mumatsika sitima yapansi pa Wat Mangkon n'kuyenda pang'ono. Dzuwa likangolowa matebulo amatuluka mpaka m'mphepete mwa msewu, utsi, phokoso, anthu thithithi. Musapite Lolemba, ogulitsa ambiri amapuma.

Zakumwa ndiye amazitenga ngati bizinesi payokha chifukwa kumatentha koopsa ndipo thukuta silimauma. Cha yen ndi tiyi wofiirira wothira kondensi ndi ayisi wambiri, wotsekemera kwambiri mwina a shuga musamale. Kokonati amakudulira pomwepo n'kuikamo kapaipi komwera, malalanje ndi makangaza amafinya uli chiimire. Mowa wake ndi Chang, Singha ndi Leo, ndipo ambiri amathira ayisi mutambula ya mowa. Madzi apampopi samwa, amabotolo ali mu 7-Eleven ina iliyonse ndipo masitolo amenewa ali pafupifupi pakona iliyonse.

Malo okaona ambiri ali m'mbali mwa mtsinje wa Chao Phraya, ndiye njira yabwino ndi kukwera sitima yam'mwamba ya BTS mpaka Saphan Taksin n'kutenga boti la mbendera ya olenji, lotchipa ndipo mumazemba mdipiti wa magalimoto umene ungakudyereni theka la tsiku. Grand Palace, nyumba yachifumu, inayamba kumangidwa mu 1782 pamene mfumu Rama I inakhazikitsa likulu pamenepo, mlendo amalipira 500 baht, ndipo pageti sakulowetsani mapewa kapena mawondo ali pamtunda, amuna ndi akazi omwe. Chapafupi pali kachisi wa Wat Pho pomwe pali chifanizo cha Buddha wogona chotalika mamita 46, chokutidwa ndi golide, ndipo pambali pake pali mbale zachitsulo 108 zimene anthu amaponyamo makobidi, phokoso lake limangomveka ngwee ngwee nyumba yonse. Nsapato mumavula pakhomo. Mukawoloka mtsinje pa Tha Tien mumafika ku kachisi wina wa Wat Arun, nsanja yake anaikongoletsa ndi zidutswa za mbale zadothi zaku China, ukayandikira umaona kuti maluwa aja ndi timbale tosweka tomata pakhoma. Chimene ndinachiona n'chakuti potuluka pamalo aliwonsewa chakudya ndi zakumwa zili pomwepo padoko, mlendo sayenda mtunda ali ndi njala, ndalama yake imatsala kwa anthu wamba a pamalopo.

Chenjezo kwa amene adzapite chaka chamawa. Pafupi ndi Grand Palace bambo wina wovala bwino anandiuza kuti lero kwatsekedwa, andipezere tuk-tuk (njinga yamoto ya matayala atatu) yotchipa yondizungulitsa kwina, ndinakana ndipo nditafika pageti kunali kotsegula, amangofuna akutengereni kumasitolo a miyala yamtengo wapatali ndi masuti komwe amalandira kangachepe. Abale athu achisilamu ndi a Seventh Day, nkhumba imalowa muzakudya zambiri ngakhale mumsuzi, komanso ma prawns ouma amathira mu som tam ndi pad thai, ndiye muzifunsa kapena muyang'ane chikwangwani cha halal, malo ake alipo. Chipatso cha durian musalowe nacho mu hotela kapena musitima, n'choletsedwa chifukwa cha fungo. Msika wa Chatuchak umadzaza Loweruka ndi Lamlungu, mulawire m'mawa kusanatenthe.

Pempho langa kugulu ndi ili. Pa malo athu aliyense asankhe chakudya chimodzi chimene amachidziwa bwino, kaya chambo chootcha, kaya futali, kaya nkhwani wotendera, achitulutse kukhitchini yakuseri achiphikire poonekera madzulo, tiyese miyezi itatu tione ngati alendo sachuluka. A kunyanja muyambe ndinu chifukwa alendo muli nawo kale. Ndiponso tikambirane zopanga juwisi wa bwemba ndi malambe wozizira bwino m'matambula aukhondo m'malo modalira zam'mabotolo zokha.

Malisiti onse ndapereka kwa asungichuma pamodzi ndi chenji chinatsala. Loweruka ndibweretsa kamtondo ndinagula kaja ndi sosi wa nsomba, wina abwere ndi mapapaya awiri aawisi, mandimu ndi mtedza kuti tidzapange som tam mulawe nokha tisanavote.