Tiphunzitse achinyamata oteteza anthu pa kafukufuku wa zaumoyo

A Mkonzi,

Kuno ku Mulanje sitinaiwale za 2017, pamene mphekesera za anamapopa zinabuka n'kufalikira ku Phalombe ndi ku Thyolo, anthu n'kuphedwa popanda mlandu. Mantha a magazi aja sanatheretu. Amadzukanso ochita kafukufuku wa malungo kapena HIV akabwera kudzatenga magazi m'midzi.

N'chifukwa chake ndikupempha boma ndi Kamuzu University of Health Sciences kuti aike ndalama zophunzitsira achinyamata bioethics, maphunziro oona ngati kafukufuku ndi chithandizo zikulemekeza munthu. Wophunzira zimenezi amayambira ku udokotala, unamwino, malamulo kapena filosofi, kenako n'kuzama pa mafunso ovuta. Kodi mayi wothyola tiyi amene wadinda chala pa fomu ya masamba ambirimbiri wamvetsadi zimene wavomera? Akamulonjeza ndalama ya thiransipoti yoposa malipiro ake a tsiku, angakane bwanji? Funso limeneli ine limandisowetsa mtendere. Nanga magazi otsala amasungidwa kuti, ndipo akatumizidwa kunja amawayang'anira ndani?

Makomiti ounika kafukufuku tili nawo, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences ndi National Health Sciences Research Committee, ndipo mfundo za Helsinki zotsogolera kafukufuku wochitidwa pa anthu, zomwe zinakhazikitsidwa mu 1964, zimati munthu alowe m'kafukufuku mwa kufuna kwake. Koma makomitiwa amakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Ife tikufuna mwana wathu wodziwa Chilomwe, woti azikhala pansi ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo (HSA) kwa Mabuka kapena ku Muloza kafukufuku asanayambe.

Wowerenga wanu,
Chitakale, Mulanje